Disiki yochita kupanga ya m'khosi: chipangizo chabwino, koma si cha khosi lililonse

Zotsatira za MRI zikabwera kuchokera ku Blantyre zitalembedwa kuti disiki ya pakati pa mafupa a m'khosi a C5-C6 yatuphuka ndipo ikupanikiza mtsempha, sipatenga masiku ambiri kuti wachibale wodziwa intaneti atumize uthenga pa WhatsApp wonena za opaleshoni yoika disiki yochita kupanga. Zipatala za kunja zimaitsatsa mokoma zedi: bala laling'ono, tsiku limodzi kapena awiri m'wodi, khosi n'kumatembenuka ngati kale. Zambiri mwa zimenezi n'zoona. Chomwe otsatsawo safulumira kunena n'chakuti opaleshoniyi inapangidwira gulu lochepa la odwala, ndipo makosi ambiri amene amafika kuchipatala cha boma ku Mulanje ndi ku Thyolo kapena cha mishoni ku Malamulo atatha zaka makumi atatu akusenza nkhuni, madzi, matabwa ndi mikoko ya nthochi, sali m'gulu limenelo.

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo achipatala amawatchula kuti C1 mpaka C7 kuyambira kumutu. Kuyambira pa C2 kutsika m'munsi, pakati pa mafupa awiri alionse pali disiki, kamtsamiro kolimba m'mbali koma kofewa pakati. Kumbuyo kwake kumadutsa mtsempha waukulu wa msana, ndipo m'mbali mumatulukira mitsempha yopita m'manja. Disiki ikang'ambika, zofewa za m'kati zimatuluka n'kukadina mtsempha. Malo amene izi zimachitika kawirikawiri ndi C5-C6 ndi C6-C7, ndipo dzanja lenilenilo limaulula malowo: dzanzi la chala chachikulu ndi cha mkombaphala limaloza mtsempha wa C6, dzanzi la chala chapakati pamodzi ndi kufooka powongola chigongono limaloza C7, pomwe kulephera kukweza phewa kumaloza C5. Odwala ambiri amanena okha kuti akaika dzanja pamutu ululu umachepa, ndipo akapendeketsa mutu kumbali yowawayo umathamanga mpaka ku zala ngati magetsi. Dokotala wodziwa ntchito amamvetsera mawu amenewa asanayang'ane n'komwe chithunzi.

Opaleshoni yakale, imene ikugwirabe ntchito bwino mpaka lero, ndi ya ACDF. Anaiyambitsa madokotala a ku America, Smith ndi Robinson komanso Cloward, m'zaka za m'ma 1950. Amachotsa disiki yowonongekayo, n'kuikapo chidutswa cha fupa kapena kabokosi kodzaza fupa, kawirikawiri n'kumangapo kachitsulo kafulati ndi masikuluwu, kuti mafupa awiriwo amere pamodzi n'kukhala fupa limodzi. Dandaulo lake ndi lakuti malo amene aumawo amakankhira ntchito ku madisiki oyandikana nawo. Kafukufuku wa Hilibrand wa mu 1999 anapeza kuti pafupifupi odwala 3 pa 100 alionse chaka chilichonse ankayamba vuto pa disiki yoyandikana, moti pofika zaka 10 anali pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi. Mkangano ulipobe woti kaya wolakwa ndi opaleshoniyo kapena ndi khosi lomwe linali litayamba kale kutha, koma disiki yochita kupanga inabwera kudzayankha dandaulo limeneli: malo opangidwa opaleshoni apitirize kuyenda.

Zipangizo zake zilipo zingapo. Prestige ST ndi ProDisc-C zinavomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala la FDA ku America mu 2007, Bryan mu 2009, ndipo Mobi-C mu 2013 inakhala yoyamba kuvomerezedwa pa madisiki awiri otsatizana. ProDisc-C ndi Mobi-C zili ndi timbale tiwiri ta chitsulo cha cobalt ndi chromium, pakati pake pali pulasitiki yolimba imene timbaleto timatsetserekapo. ProDisc-C ili ndi kamsongole kamene kamalowa mu mzere wosemedwa m'fupa, pomwe Mobi-C imagwira ndi timano ting'onoting'ono ndipo pulasitiki yake imasuntha pang'ono. Prestige LP ndi ya titanium yosakaniza, ndipo phindu lake limaoneka mtsogolo: titanium sichititsa mdima wambiri pa chithunzi cha MRI poyerekeza ndi cobalt. Kwa munthu wa zaka 38 amene adzafunikanso kujambulidwa nthawi ina m'moyo wake, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kupatula apo, sitiona chifukwa choti wodwala aumirire dzina la chipangizo. Chipangizo chabwino ndi chimene dokotala wanuyo waika kambirimbiri.

Ntchito ya m'thiyeta imatenga ola limodzi kapena awiri pa disiki imodzi. Wodwala amagonekedwa tulo, chagada, khosi lili mowongoka mwachibadwa, osati lopindidwira kumbuyo kwambiri, chifukwa kupinda mopitirira kumanamiza dokotala posankha msinkhu wa chipangizo. Amacheka kutsogolo kwa khosi, masentimita 3 kapena 4 motsatira khwinya la khungu. Sadula minofu yambiri: amakankhira kholingo ndi m'mero kumbali imodzi, mtsempha waukulu wa magazi wopita kumutu kumbali inayo, n'kufika pafupa. Amajambula ndi makina a X-ray otchedwa C-arm kuti atsimikize kuti ali pa disiki yoyenera, amakhoma timisomali tiwiri m'mafupa a m'mwamba ndi m'munsi n'kuwatanula pang'ono, kenako amakokolola disiki yonse mpaka kumbuyo, pamodzi ndi timinga ta fupa timene tamera pa njira ya mtsempha. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chimene chimachotsa ululu wa m'dzanja ndi kumasula mtsemphawo, osati chipangizocho. Ndipo pa disiki yochita kupanga kumasulako kuyenera kukhala kokwanira mbali zonse ziwiri, chifukwa malowo apitiriza kuyenda, ndiye kamunga kalikonse kotsala kazikhudzabe mtsempha nthawi zonse munthu akatembenuka. Pa ACDF malo akauma, timinga totsalira nthawi zina timasiya kuvuta.

Akatero amayesa ndi zipangizo zoyesera kuti apeze msinkhu, kawirikawiri mamilimita 5, 6 kapena 7. Chachitali kwambiri chimakoka mfundo za kumbuyo kwa khosi, munthu n'kudzuka ndi ululu watsopano kumbuyo komanso khosi losayenda. Chochepa m'lifupi chimakhala pakati pa fupa pomwe m'pofewa, n'kuyamba kumira. Chopendekera kumbali chimayenda mokhota. Asanatseke amatsuka fumbi lonse la fupa ndi madzi ambiri ndi kumata phula pamalo pamene fupa likukha magazi, pofuna kupewa vuto limene tilifotokoze kutsogoloku.

Woyenera opaleshoniyi ndi munthu wamkulu, makamaka wosapitirira zaka za m'ma 50, amene ululu wake waukulu uli m'dzanja, MRI yaonetsa disiki imodzi kapena ziwiri zotsatizana pakati pa C3 ndi C7 zikudina mtsempha womwewo umene zala zikuloza, ndipo wayesa chithandizo china kwa milungu yosachepera 6 osapeza bwino. Mafupa ake akhale olimba, mfundo za kumbuyo zikhale zosadyeka, ndipo disikiyo ikhale isanaphwe n'kutsala yosakwana theka la msinkhu wake.

Pamenepa m'pamene makosi ambiri a kuno amagwera. Mayi amene wakhala akutsika ndi mtolo wa nkhuni kuchokera m'phiri chiyambire ali mtsikana, bambo amene anasenzapo matabwa kuchokera pamwamba pa Mulanje kutsikira ku Likhubula, kapena aliyense amene chidebe cha malita 20, chomwe ndi makilogalamu 20, chimakhala pa nkhata m'mawa ndi madzulo, akajambulidwa X-ray nthawi zambiri sipaoneka disiki imodzi yong'ambika. Pamaoneka madisiki atatu kapena anayi ophwa, mafupa atamera milomo kutsogolo ndi kumbuyo, mfundo zitadyeka, mwinanso khosi litataya kupindika kwake kwachibadwa n'kuweramira kutsogolo. Kuika chipangizo choyenda pamalo amene anauma kale n'kutaya ndalama, ndipo kuchiika pamalo amene mfundo zake zadyeka n'kusunga ululu womwewo. Khosi lotere likafunika opaleshoni, ACDF kapena opaleshoni yodzera kumbuyo ndiyo yoyenera, ndipo dokotala akakuuzani choncho sikuti akukupatsani zotsalira.

X-ray yoti musalole kuidumpha ndi ya cham'mbali, mutu utaweramitsidwa kenako utakwezedwa. Fupa likatsetsereka pa linzake kupitirira mamilimita 3.5, kapena likapendekeka kuposa oyandikana nawo ndi madigiri opitirira 11, khosilo ndi logwedera ndipo likufunika kumangidwa, osati kupatsidwa disiki yoyenda. X-ray yotereyi imatheka ngakhale pachipatala cha m'boma, siifuna ndege.

Kulimba kwa mafupa kuli ndi mbali imene madokotala a kunja sangaiganizire ngati simunawauze. Tenofovir, amene ali m'mankhwala a ARV omwe anthu ambiri kuno amamwa, amachepetsa kulimba kwa mafupa mwa anthu ena. Azimayi amene anasiya kusamba, omwa mankhwala a prednisolone kwa nthawi yaitali, ndi osuta fodya alinso pa chiopsezo chomwecho. Imeneyi si nkhani yosiyira mankhwala, ayi. Ndi nkhani youza dokotala zoona ndi kupempha kuyezedwa kulimba kwa mafupa ndi makina a DEXA musanalipire kanthu. Fupa lofewa limameza chipangizo.

Ndiye pali TB ya msana. Ululu wa khosi wosaleka ngakhale usiku munthu atagona, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, mbiri ya chifuwa chachikulu m'nyumba: zizindikiro zimenezi zikakhalapo, nkhani ya disiki yochita kupanga yatha kaye mpaka matendawo afufuzidwe. Chipangizo sichiikidwa pamalo pamene pali tizilombo. Komanso si dzanzi lililonse la m'zala limene limachokera m'khosi. Otchola tiyi, makamaka ogwiritsa ntchito masizasi tsiku lonse, amapanikizika mtsempha pa mfundo ya dzanja, ndipo dzanzi lake limagwira zala zomwezo za C6, kudzutsa munthu usiku mpaka agwedeze dzanja. Shuga, HIV ndi mankhwala a TB a isoniazid zimabweretsa dzanzi la mbali zonse ziwiri loyambira kumapazi. Popeza anthu ambiri opitirira zaka 40 amapezeka ndi disiki yotuphuka pa MRI ngakhale asakumva kalikonse, n'zosavuta kupanga opaleshoni chithunzi m'malo mwa munthu.

Odwala ambiri a mtsempha wopanikizika amachira popanda mpeni pakatha milungu 6 mpaka 12, chifukwa thupi limayamwa pang'onopang'ono zofewa zimene zinatulukazo. Nthawi imeneyi siyongokhala. Ibuprofen wa 400 mg katatu patsiku mutadya, kwa masiku owerengeka, amathandiza, koma osati kwa a zilonda za m'mimba, a vuto la impso kapena oyembekezera, ndipo omwa tenofovir afunse kaye achipatala chifukwa onse awiri amalemetsa impso. Amitriptyline wa 10 mpaka 25 mg usiku amaziziritsa ululu woyaka wa mtsempha. Kolala yofewa isapitirire sabata imodzi kapena ziwiri, apo ayi minofu imafooka. Mafizo ndi kusiya kusenza pamutu ndizo zimagwira ntchito yaikulu. Zopotokola khosi mwamphamvu mpaka lilire, kaya kwa asing'anga kaya kwa mnzanu wa dzanja lolemera, zisiyeni.

Amene sayenera kudikira ndi amene mtsempha waukulu wa msana wapanikizika. Iwo ululu ukhoza kukhala wochepa, koma mabatani a malaya amavuta kumanga, kapu imapulumuka m'manja, kulemba kumasintha, miyendo imauma ndipo amayenda ngati aledzera, mwinanso mkodzo n'kumavuta kuugwira. Chimodzimodzi dzanja limene likufookerafookera sabata ndi sabata. Otere apemphe kalata yowatumiza ku Gulupu mwamsanga, komwe kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha mafupa, ubongo ndi msana cha LION pa Kamuzu Central. Opaleshoni pa vuto limeneli cholinga chake chachikulu n'kuimitsa kuwonongeka, ndipo zimene zinatayika kale sizibwerera zonse. Kutha miyezi isanu ndi umodzi mukusonkha ndalama za disiki ya kunja pomwe miyendo ikufooka n'kusankha molakwika.

Pa zotsatira, chilungamo chake ndi ichi. Ululu wa m'dzanja umatha mofanana pa maopaleshoni onse awiri. Makafukufuku a ku America amene atsatira odwala kwa zaka 7 mpaka 10 akuonetsa kuti oikidwa disiki amabwereranso ku thiyeta mocheperapo, makamaka pa madisiki awiri, koma ambiri mwa makafukufukuwo analipiridwa ndi makampani opanga zipangizozo, ndipo odwala ake anasankhidwa mosamala kwambiri. Makafukufuku a ku Norway, Sweden ndi Netherlands sanapeze kusiyana kwenikweni pa mmene odwala ankamvera. Nkhawa yakuti ACDF imaumitsa khosi lonse nayonso ndi yokokomeza: pafupifupi theka la kutembenuka kwa mutu limachitikira pa C1-C2, pamene maopaleshoni onsewa safikapo, ndiye woyendetsa kabaza amene wamangidwa disiki imodzi amathabe kucheuka. Phindu la disiki limene sitikulikayikira ndi lakuti palibe kudikira kuti mafupa amere pamodzi, choncho palibe vuto la mafupa okana kumera limene limasautsa osuta fodya, ndipo munthu amabwerera ku ntchito yopepuka msanga.

Zovuta zimene zimabwera msanga n'zofanana pa maopaleshoni onse odzera kutsogolo. Kuvutika kumeza n'kofala chifukwa m'mero unakankhidwa kwa ola lathunthu. Phala, mbatata yofewa ndi nthochi zimathandiza masiku oyamba, nsima yolimba ndi chimanga chokazinga zidikire. Kumatha pakapita masiku kapena milungu. Mawu amatha kusasa chifukwa cha mtsempha wa kholingo umene umadutsa pafupi, ndipo ngakhale ambiri amabwerera, aphunzitsi, abusa ndi oimba kwaya anene ntchito yawo asanalowe m'thiyeta. Choopsa kwambiri ndi magazi oundana m'bala m'maola 24 oyamba: khosi limatupa, mawu amasintha, mpweya umavuta, ndipo bala liyenera kutsegulidwa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake sitigwirizana ndi zotuluka tsiku lomwelo ngati kumene mukukagona kuli kutali ndi chipatala. Gadiyani adziwe zizindikiro zimenezi. Kubooka kwa m'mero, kutayika kwa madzi ozungulira mtsempha wa msana ndi kuvulala kwa mtsempha weniweniwo zimachitika mwa apo ndi apo.

Vuto lakelake la disiki yochita kupanga ndi fupa lomera pamene silikufunika. Thupi limaona malo ochekedwawo ngati fupa lothyoka, n'kuyamba kumanga mlatho kuzungulira chipangizocho. Madokotala amaliika m'magawo kuyambira 0 mpaka 4, ndipo pa gawo 4 disiki yauma kotheratu, munthu watsala ndi ACDF yodula mtengo. Ambiri otere samvanso ululu, koma chimene analipirira chapita. Limakonda amuna, achikulire, ndi makosi amene anali ndi timinga tambiri kale, chifukwa chinanso chosaumirizira chipangizochi pa khosi lotha. Madokotala ambiri amapereka mankhwala a gulu la ibuprofen kwa milungu iwiri chitachitika opaleshoni pofuna kulichepetsa. Kupatula limeneli, chipangizo chikhoza kumira m'fupa, kusuntha, kapena tizidutswa ta pulasitiki tikhoza kudya fupa lozungulira patapita zaka, nthawi zina mosapweteka. Zikatero chimachotsedwa n'kumanga mafupa, opaleshoni yovuta kuposa yoyamba chifukwa cha zipsera za m'kati.

Pochira, musanyamule chopitirira makilogalamu 5 kwa milungu 4 mpaka 6. Wa mu ofesi ya esiteti kapena mphunzitsi amabwerera pakatha milungu 2 mpaka 4, wa ntchito ya manja milungu 6 mpaka 12. Njinga yamoto pa misewu ya fumbi ya m'minda ya tiyi ipewedwe milungu yoyambayo. Za kusenza pamutu, zipangizozi zinayesedwa pa anthu a ku America ndi ku Ulaya amene satunga madzi pa mjigo, ndipo malangizo athu ndi akuti nkhata itayidwe mpaka kalekale. Ngati pakhomo palibe wina wotunga madzi, wilibala kapena njinga yokankhira zigubu ikhale mbali ya bajeti ya opaleshoni.

Amalawi ofuna maopaleshoni apadera amakonda kupita ku India kapena ku South Africa. Tumizani zithunzi zenizeni za MRI, osati lipoti lokha, ndipo chipatala chimene chavomera kukuikani disiki chisanaone X-ray yowerama ndi kukweza mutu chikayikireni. Mtengo ubwere wolembedwa, wopatula chipangizo, thiyeta, dokotala wogoneka tulo, wodi ndi ICU ngati ingafunike, komanso unene chimene chidzachitike dokotala akaona ali m'kati kuti disiki siitheka n'kusintha kupanga ACDF, chifukwa zimachitika ndithu. A MASM kapena inshulansi ina afunsidwe molemba musananyamuke. Dokotalayo mufunseni kuti amaika madisiki angati pachaka komanso kuti wachotsapo angati.

Pobwerera ku Chileka, m'chikwama mukhale lipoti la opaleshoni, khadi la chipangizo losonyeza dzina, msinkhu, nambala ndi chitsulo chake, ndi X-ray yoyamba yojambulidwa chitangoikidwa. Imeneyo ndi imene ma X-ray a pa milungu 6, miyezi 3, chaka chimodzi ndi zaka zotsatira adzayerekezedwe nayo, ndipo popanda iyo wojambula wa ku Mulanje Mission kapena ku Thyolo sangadziwe ngati chipangizo chasuntha mamilimita awiri kapena chinaikidwa chomwecho. Dokotala wa msana wa ku Blantyre amene adzakuoneni mukabwerako mumupeze musanapite, aone zithunzi zomwezo, anene maganizo ake. Bala likafiira kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha, kumeza kukayambanso kuvuta kutakhala bwino kwa miyezi, kapena dzanzi likabwerera, pitani ndi mapepala onsewo tsiku lomwelo.